Bwanji BBO sikupezerani osewera bridge a saizi yanu?

Achemwali, mwati munaphunzira bridge, masewero aja a makadi, chaka chino ndipo mumasewera pa BBO (Bridge Base Online, malo osewerera bridge pa intaneti) madzulo mukaweruka ku Limbe. Mukakhala pa tebulo mumapeza mwina akadaulo amene amakuchotsani mukangophonya kamodzi, mwina munthu wodzilemba Expert amene satha n'kuwerenga komwe kuti ma trump, makadi a mtundu wodya ena onse, atsala angati. Ndiye mukufunsa kuti kompyuta ikulepheranji kukusankhirani anthu ofanana nanu luso, pomwe pa chess imatero bwinobwino. Funso ndi labwino, koma ine ndikuti musaidikire kompyutayo. Ntchito imeneyi tiigwira tokha m'gulu muno, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Mawu aja mumaona pa dzina la munthu, Novice, Beginner, Intermediate, Advanced, Expert ndi World Class, munthu amadzisankhira yekha. BBO inayamba mu 2001, anaiyambitsa ndi Fred Gitelman wa ku Canada, katswiri wa bridge iye mwini, ndipo inafotokoza tanthauzo la gawo lililonse. Beginner ndi amene sanakwanitse chaka akusewera. Advanced ndi amene amapambana kawirikawiri ku kalabu kapena pa timipikisano ting'onoting'ono. Expert ndi amene anachitapo bwino pa mipikisano ikuluikulu ya dziko lake, ndipo World Class anaimirapo dziko lake pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Koma palibe amene amafunsa umboni. Ndiye zimene zimachitika ndi izi: mwini tebulo amalemba kuti akufuna ma Expert okha, munthu woona mtima wa Intermediate amasowa pokhala, mawa lake amadzuka ali Expert. Atero anthu ambiri, mawuwo amatha mphamvu. Musamawapatse ulemu woposa.

Pa chess zimatheka chifukwa masewerowo ndi a anthu awiri, zonse zili poyera, ndipo mwayi sulowerera. Njira ya manambala imene anakonza Arpad Elo, imene bungwe la chess la ku America linayamba kugwiritsa ntchito mu 1960 ndipo FIDE, bungwe la chess la dziko lonse lapansi, inaitenga mu 1970, imangoyang'ana kuti wagonja ndani kwa yani. Amene amakuposani ndi mapointi 200 amayembekezeka kutenga pafupifupi 76 pa 100 ya zigoli mukamasewera awirinu. Akapanda kutero nambala yake imatsika, yanu n'kukwera. Lichess, malo osewerera chess pa intaneti, imagwiritsa ntchito Glicko-2, yomwe ndi mphukira ya maganizo omwewa. Zili ngati bawo ya pansi pa mtengo ku Ndirande: ukadyedwa nkhomo zonse, wadyedwa ndiwe, palibe wom'loza chala.

Bridge siyotero. Muli anayi, awiriawiri, ndipo zigoli zimalembedwa kwa awirinu pamodzi. Mnzanu akakokera bidding (kulonjeza kuti awirinu mudya kangati) mpaka 6 spades popanda chifukwa, inu n'kusewera mwaluso koma n'kuperewera trick imodzi (kudya kumodzi), kompyuta imangoona kuti nonse mwagwa. Ndipo pa magawo anayi alionse a makadi, pafupifupi limodzi mumakhala dummy, makadi anu ali pa tebulo, manja ali m'thumba. Zigoli za pamenepo zikunena chiyani za luso lanu losewera makadi?

Ndiye pali mwayi. Tiyerekeze kuti inu ndi mnzanu muli ndi ma heart 8, adani ali ndi 5. Masamu amati asanuwo amagawika 3 ndi 2 pafupifupi ka 68 pa 100, amagawika 4 ndi 1 ka 28, ndipo onse amakhala kwa munthu mmodzi pafupifupi ka 4. Kutanthauza kuti amene wadalira 3 ndi 2, ngakhale waganiza bwino, adzagwa pafupifupi kamodzi pa katatu, pomwe wina wadalira finesse (kuyesa kudya ndi khadi locheperapo poyembekeza kuti lalikulu lili kwa mdani amene waponya kale), yomwe ndi theka kwa theka, n'kupulumuka. Usiku umodzi wosadziwa akhoza kuoneka dolo.

Njira yosewerera yotchedwa duplicate anaikonza kuti ichepetse zimenezi. Makadi omwewo amaseweredwa pa matebulo ambiri, ndipo mumafaniziridwa ndi amene anagwira makadi anu enieniwo, osati ndi amene mwakhala nawo. Mu matchpoints, njira imodzi yowerengera zigoli za duplicate, 50 peresenti ndi pakati, ndipo amene afika 60 nthawi zambiri amakhala pamwamba penipeni. Komabe ma board 24 (board ndi kugawa makadi kumodzi) a madzulo amodzi ndi ochepa. Adani awiri akangokupatsani mphatso, mwakwera; mawa mwatsika osasintha kalikonse pa kaseweredwe kanu.

Sikuti anthu sanayese. Bungwe la bridge la ku North America, ACBL, limapereka mapointi otchedwa masterpoints kwa ochita bwino pa mipikisano, koma amenewa amangounjikana, satsika. Agogo amene akhala akupita ku kalabu zaka 30 amakhala ndi mulu woposa wa mtsikana waluso amene wayamba posachedwa. Phindu lake ndi lakuti amathandiza kupatula mipikisano ya ongoyamba, monga ya amene sanafike mapointi 100 kapena 300, ndipo chimenecho ndimachiyamikira. Koma ndi muyeso wa kulimbikira ndi kulipira, osati wa luso la lero.

OKbridge ya pa intaneti, imene inalipo BBO isanabwere, inali ndi nambala yotchedwa Lehman, imene aliyense ankayambira pa 50 n'kumakwera kapena kutsika. Pamenepo ndi pamene panaonekera khalidwe la munthu. Ena ankakana kukhala ndi aliyense wa nambala yotsika, ena ankasankha adani mosamala kuti nambala isagwe. Ndipo pa intaneti kubera n'kosavuta: kuimbirana foni ndi mnzako, kapena kutsegula foni yachiwiri n'kumaonera tebulo lako lomwe ngati mlendo. Mu 2020, makalabu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ngakhale osewera ena otchuka anavomera poyera kuti anachita zimenezi. Ukaika nambala pa chipumi cha munthu wam'patsa chifukwa choberera. Apa ine ndili mbali ya BBO, ngakhale kusowa kwa nambalako kukutivutitsa.

Njira imene ndimaiona kuti inaganiziridwa mozama ndi ya English Bridge Union, yotchedwa National Grading Scheme. Imayang'ana ma board pafupifupi 2,000 amene mwasewera posachedwa, ndipo atsopano amalemera kuposa akale. Musanayambe kusewera imawerengeratu kuti, poona mphamvu ya mnzanu ndi ya anthu onse m'chipindamo, mukuyenera kupeza maperesenti angati. Mukapitirira pamenepo mumakwera. Choncho kusewera ndi wophunzira sikukupwetekani, chifukwa chiyembekezonso chimatsika. Magawo ake anawatcha maina a makadi, kuyambira 2 mpaka Ace ya spade, ndipo wapakati amakhala pa 8. Koma nayonso ili ndi pobowoka. Bambo ndi mayi amene amasewera awiriwiri chaka chonse amakwera limodzi n'kutsika limodzi, ndipo masamu sangakuuzeni kuti akunyamula mnzake ndani. Pamafunika kuti anthu azisinthana anzawo kuti manambala alongosoke. Onaninso kuchuluka kwake: ma board 2,000 ndi madzulo oposa 80 a ma board 24. Pa intaneti, pamene munthu amasewera ma board atatu n'kutuluka, kapena kutsegula dzina latsopano akaona kuti zavuta, muyeso woterewu ungaime pati?

Funbridge, pulogalamu ina yosewerera bridge, inazemba vutoli mwanzeru. Mumakhala nokha ndi maloboti atatu, aliyense amasewera makadi ofanana ndi mnzake wofanana, kenako amene achita bwino amakwera gawo, olephera amatsika. Muyeso wake ndi wolungama, koma loboti silikuphunzitsani kumvana ndi munthu, ndipo theka la bridge ndi limenelo.

Pali china chimene ife a ku Blantyre kuno tiyenera kusamala nacho kuposa luso. BBO imasonyeza pa dzina lanu kuti masewero amene mumayamba mumawamaliza kangati pa 100, ndipo mipikisano ina silola amene nambala yawoyi yatsika. Magetsi akazima kapena netiweki ikathawa pakati pa mpikisano, kompyuta sidziwa kuti muli mu mdima ku Chirimba. Imangoona kuti mwasowa. Eni matebulo ena amakukanani chifukwa cha zimenezo, inu n'kumaganiza kuti akunyoza kaseweredwe kanu. Sewererani pa foni yodzaza moto, bandulo ikhale yokwanira, ndipo musalembetse mpikisano wautali usiku umene simukuwakhulupirira magetsi.

Nanga muchite chiyani? Pa dzina lanu lembani zoona, Beginner, n'kuonjezera njira ya bidding imene munaphunzira. Zambiri zimene mumaziona ngati kusiyana luso ndi kusiyana chinenero chabe. Acol ndi SAYC ndi njira ziwiri za bidding: wa Acol akatsegula bidding ndi 1NT ali ndi mapointi a makadi 12 mpaka 14, pomwe wa SAYC ali ndi 15 mpaka 17. Awiriwa akakhala limodzi osakambirana, aliyense amapita kwawo akunena kuti mnzake ndi mbuli. Tsegulani tebulo lanu m'malo molowa la eni, tsekani mipando kuti munthu azipempha kaye, ndipo lembani kuti ndi la ophunzira. Mukakumana ndi munthu woleza mtima, musungeni pa mndandanda wa anzanu n'kulemba kanoti pa dzina lake. Pakatha mwezi mndandanda umenewo udzakusankhirani anthu bwino kuposa masamu alionse. Nthawi yathu ndi yofanana ndi ya ku South Africa, ndiye madzulo mumawapeza a ku Johannesburg ndi Cape Town ali maso, a ku England ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri basi. A ku America amachuluka ife tikugona.

Ngati mukufunabe kudziyeza, lowani mipikisano ya maloboti ya BBO, yaulereyo, poti yolipira imafuna madola ndipo nkhani ya madola mukuidziwa. Muzilemba maperesenti anu m'kabuku kwa miyezi ingapo, osakondwa kapena kukhumudwa ndi a tsiku limodzi. Mukamazungulira pa 40 mpaka 45 chaka choyamba, palibe chodabwitsa.

Pamene ndikusiyana nanu pang'ono ndi pa kufuna a saizi yanu okhaokha. Ophunzira anayi pa tebulo limodzi amasangalala, koma zolakwa zawo palibe amene amazilanga, ndiye zimamera mizu. Chabwino ndi mnzanu wokuposani pang'ono amene satukwana, ndi adani amene akugonjetsani osakuchititsani manyazi. Kuleza mtima kumeneko kulibe nambala.

Ndiye a admin, ndikupempha kuti tiyese izi. Team match pa BBO imafuna anthu 8, matebulo awiri, ndipo salipiritsa. Gulu lathu ndi laling'ono, sitingaligawe pawiri ngati ligi. Aliyense amene wasewera zaka zingapo atenge wophunzira mmodzi, tizisinthana sabata iliyonse, ma board 12 okha kuti bandulo ipirire. Tikamaliza tisankhe ma board awiri kapena atatu n'kuwakambirana muno, popanda kutchula kuti analakwa ndani. Ine Lamulungu cha m'ma 7 koloko madzulo ndimapezeka. Amene mungakwanitse lembani pansipa, ndipo munene ngati mumasewera Acol kapena SAYC kuti tidziwe wokhala ndi yani.