Funsani za bwana wanu, osati dzina la kampani lokha

Achimwene, mwafunsa ngati makampani akuluakulu a zamakompyuta amasamaladi antchito awo, komanso ngati mabwana ake amadziwa kutsogolera anthu. Zimatengera gulu lomwe mwagweramo. Pakampani ya anthu zikwizikwi, amene amakometsa kapena kuwawitsa tsiku lanu ndi bwana amene muli pansi pake.

Google inaona zimenezi yokha. Mu 2002 inachotsa mamanejala a mainjiniya poganiza kuti amangochedwetsa ntchito, koma patangopita miyezi yochepa inawabwezeretsa, anthu atayamba kumuvutitsa Larry Page, mmodzi wa amene anayambitsa kampaniyo, ndi timadandaulo tating'onoting'ono. Kafukufuku wawo wa Project Oxygen anadzaonetsa kuti bwana wabwino ndi amene amaphunzitsa anthu ake n'kuwasiya agwire ntchito momasuka, osati wowalondalonda pa chilichonse.

Funsaninso za mmene amayezera ntchito, chifukwa apa ndi pamene khalidwe lenileni la kampani limaonekera. Microsoft inkakakamiza mamanejala kusanja anthu m'magulu, moti ena ankayenera kuikidwa pansi ngakhale onse atagwira bwino ntchito. Mukuganiza munthu angathandize mnzake amene akupikisana naye chotero? Anasiya njirayi mu 2013.

Zoti "ndife banja limodzi" musazitengere pamtima. Meta, kampani ya Facebook, inachotsa anthu oposa 11,000 mu Novembala 2022, ndipo Google inachotsa pafupifupi 12,000 mu Januwale 2023.

Musanasaine mgwirizano wa ntchito, pemphani kulankhula ndi mmodzi wa m'gulu lomwe mukalowemo bwana palibe. Mufunseni kuti ndi angati achoka chaka chathachi, ndipo anachokeranji.