Za mipando ya NZE mu AE100 yanu ija

Achimwene, ndaliona funso lanu. Mwati muli ndi Corolla AE100 ya 1994 ya manual, mipando yake siponji inafwa moti mukumva zitsulo m'matako, ndiye mwapeza mipando yakutsogolo ndi console (chipulasitiki cha pakati pa mipando, pomwe pali giya ndi handibuleki) yokhala ndi potsamira mkono kuchokera mu Corolla NZE121 yomwe inachita ngozi, ndipo mukufuna kudziwa ngati zingalowe. Ena pamwambapa akuti "pitani kwa wowotcherera, palibe chokanika." Nzoona kuti amisiri athu sakanika kanthu, koma musanapereke ndalama tamvani kaye mbali yanga, chifukwa njira imeneyi ndinadutsamo ndi Sprinter yanga ndipo sukulu yake ndinalipira.

Magalimoto awiriwa ndi a dzina limodzi koma thupi ndi losiyana kotheratu. AE100 inayamba kutuluka mu 1991. Inalowedwa m'malo ndi AE110 mu 1995, ndipo ziwirizi pansi pake ndi pachibale: mtunda wa pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo ndi umodzimodzi, mamilimita 2,465. NZE121 inabwera mu 2000 itajambulidwa mwatsopano, mtunda uja unafika 2,600, ndipo denga linakwera ndi masentimita pafupifupi 9. Denga litakwera, a Toyota anakwezanso pokhalira. Ndiye mpando umene unapangidwira galimoto yaitali msinkhu mukaulowetsa mu AE100, ngati muli munthu wamtali mutu uzikhula denga, ntchafu zizipanikizika pansi pa chiwongolero. Izi anthu saziganizira ali pamsika, amangoona nsalu yokongola. Khalanipo kaye. Muuike m'galimoto wosamanga, mutseke chitseko, muponde kilatchi mpaka pansi, muonenso ngati dzanja likufikira kachitsulo kogonekera mpando kapena kapanikizika ndi chitseko.

Koma nkhani yaikulu ili pansi, pa njanji zimene mpando umayendapo. Mpando umagwidwa ndi mabawuti anayi, ndipo mabowo ake m'galimoto sali pa lata wamba ayi. Pamenepo fakitale inalimbitsa, pali chitsulo chopingasa komanso manati owotchereredwa mkati. Mabowo a njanji za NZE sadzakumana ndi amenewa. Mmisiri wofuna zachangu amangotenga dirilo nkuboola pansi pa galimoto pomwe njanji yagwera, nkumanga ndi bawuti wa pa hadiweya. Ine anandichita zomwezo. Miyezi ingapo mpando unayamba kulira pa mabampu, nditatukula kapeti ndinapeza lata litang'aluka kuzungulira bawuti, madzi a mvula akulowera pomwepo, dzimbiri litayamba kale. Ndipo umenewo unali msewu wokumbika chabe. Tsiku loti mwagundana ndi mnzanu, bawuti wotereyu amazuka ngati chinangwa m'nthaka yonyowa, inu ndi mpando wanu ulendo wa pa galasi.

Choncho mabowo a galimoto musawakhudze, njanji zanu zakale musataye. Zimasuleni pansi pa mpando wakalewo, muzitsuke, muzipake girizi, ndipo ndi mpando watsopano umene uyenera kusinthidwa kuti ukhale pa njanji zimenezo. Ngati mabowo a pansi pa mpando sakugwirizana ndi njanji, mmisiri adule zitsulo ziwiri zafulati zokhuthala mamilimita 5 kapena 6, azipingase pakati, aboole mbali zonse, amange ndi mabawuti olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu. Bawuti wopanda nambala pamutu ndi wa pa geti, osati pa mpando. Kuwotcherera kukafunika, achitire kunja kwa galimoto, ndipo asawotche njanji yeniyeniyo chifukwa kutentha kumaipinda, mpando nkusiya kuyenda. Akamaliza, kankhani mpando kutsogolo ndi kumbuyo kangapo, mumve ngati mbali zonse zomwe zili ndi loko zikugwira nthawi imodzi. Njanji zikangopatukana pang'ono, mbali imodzi imagwira ina ili lende, ndipo mudzazindikira tsiku lomwe mwaponda buleki mwadzidzidzi. Kumbukiraninso kuti zitsulo zopingasazo zikuwonjezera msinkhu pa mpando womwe ndi wautali kale.

Pali lamba. Kachitsulo ka kumapeto kwa lamba ndi chotsekera chake cha batani lofiira zimapangidwa ngati loko ndi kiyi wake. Chotsekera cha NZE chikhoza kulandira lamba wa AE100 nkulira "kwa" bwinobwino, koma osagwira mokwanira. Musadalire phokoso limenelo. Sunthani chotsekera chanu chakale chipite pa mpando watsopano, chimangidwe pa chitsulo cholimba ndi bawuti wake womwewo. Mabawuti a lamba ali ndi mazinga awoawo, a 7/16 ya inchi, ngakhale pa galimoto ya ku Japan yomwe china chilichonse ndi cha mamilimita. Mukakakamiza bawuti wa mamilimita monga M10 kapena M12 mungowononga mazinga. Malamba a galimoto yangoziyo asiyeni komweko ngakhale atakupatsani ulere. Lamba amene wagwirapo munthu pa ngozi ntchito yake inatha, ndipo a NZE ali ndi kachipangizo kophulika kokokera lamba, kamene kamagwira ntchito kamodzi kokha.

Poti mipandoyo ikuchokera m'galimoto yangozi, itembenuzeni muone kunsi. Chitsulo chopindika, utoto wosweka pamalo olumikizira, kapena chotsamira chomwe chikupendekera mbali imodzi, zonsezo zikutanthauza kuti mpandowo unalandira nkhonya. Khalanipo nkukankha ndi msana mwamphamvu. Ukadumpha dzino, ubwezeni.

Mawaya sadzakuvutitsani kwenikweni. Kawaya ka pa chotsekera ndi koyatsira kanyali ka lamba pa dashibodi basi. Koma mukaona pulagi yachikasu, imeneyo ndi ya airbag ya m'mbali mwa mpando. AE100 ilibe kompyuta yoyendetsa zimenezo, ndiye musailumikize kulikonse, ndipo wa zamagetsi asayerekeze kuigunda ndi tesita yake kuti "tione ngati muli moto". Ikulungeni ndi tepi, muimangirire kunsi. Ngati galimoto yanu ili ndi airbag pa chiwongolero, chotsani waya wa nekativu pa batire, mudikire masekondi 90 musanayambe kusokoneza chilichonse pafupi ndi giya, chifukwa pa ma Toyota a zaka zimenezo kabokosi ka airbag kamakonda kukhala chapomwepo, pansi pa console.

Tsopano console. Kunena mosabisa, ya NZE isiyeni. Kutsogolo kwake kunaumbidwa kuti kukumane ndi dashibodi ya NZE, ndipo bowo la giya ndi la handibuleki zili pa mtunda wina. Komanso ma NZE ambiri obwera kuno kuchokera ku Japan ndi a automatic, pamene yanu ndi ya manual, kotero pakamwa pa giya ndi posiyana. Mukhoza kudula ndi sowo, kuthira fayiba, kukuta ndi chikopa, koma mapeto ake imaoneka ngati jekete yobwereka, ndipo imalira njira yonse. Fufuzani ya m'banja lomwelo: Corolla kapena Sprinter ya AE100 kapena AE101 ya giredi yapamwamba monga SE Limited. Ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre magalimoto amenewa anaphwasulidwa ambiri. Pitani ndi console yanu yakale m'manja mukaziyike pamodzi, muone mabowo a masikuluwu. Onetsetsani kuti ndi ya manual, ndipo funsani ngati sinachoke mu 4WD monga AE104, poti imeneyo ili ndi shafti yopita kumbuyo ndipo pakati pake pakhoza kusiyana ndi panu.

Abale athu a ku Joni amakonda kunena kuti atitumizira za Tazz popeza kumeneko zili mbwee. Tazz ndi Conquest ya thupi lomwelo zinachokera ku Corolla ya m'mbuyo, ya E90, ngakhale Tazz anapitiriza kuipanga mpaka 2006. Chaka chingakupusitseni, koma si thupi lanu. Za pa intaneti zochokera ku America nazonso samalani nazo, kumeneko chiwongolero chili kumanzere ndipo zinthu zina za pakati zinatembenuzidwa.

Pomasula, pitani pang'onopang'ono. Pulasitiki ya zaka 30 yomwe yakhala ikupsa ndi dzuwa la kuno imathyoka ngati bisiketi. Mutu wa giya umatuluka pozungulitsa, masikuluwu ena amabisala pansi pa kabokosi kosungira zinthu, ena m'mbali chakutsogolo. Ikakana kutuluka ndiye kuti pali sikuluwu yomwe simunaione, musaikoke. Mukaika inayo, musanamange lowetsani magiya onse mpaka rivesi, muone ngati ndodo sikugunda m'mphepete, chifukwa ikamagunda giya imatha kumadzitulukira muli pa liwiro. Kokani handibuleki mpaka pamwamba nkuitsitsa mpaka pansi penipeni. Ikatsala pang'ono, kanyali kakhala koyaka ndipo mabuleki akumbuyo azikhula. Nati yosinthira handibuleki ili pomwepo pansi pa console, ndiye poti mwatsegula kale, itchuneni handibulekiyo lomwelo.

Mpando wakumbuyo sindingakulimbikitseni kusintha. Unaumbidwa motsatira pansi pa galimoto ndi mphako za matayala, wa galimoto ina umasiya mipata. Upititseni kwa osoka mipando aukute ndi nsalu yofanana ndi yakutsogolo.

Ikanakhala galimoto yanga, ndikanayamba ndayang'ana mipando ya AE110 kapena Sprinter ya zaka zomwezo, nditatenga tepi yoyezera ndi miyeso ya mabowo anayi aja papepala. Ya Levin kapena Trueno ya AE101 ndi AE111 ndi yabwino kwambiri ngati mwaipeza, imagwira m'nthiti pokhota ndipo ndi yotsika, kungoti imasowa. Zikakanika zonsezi, mipando yanu yomweyo ikhoza kuukitsidwa: siponji yatsopano yolimba, masipuling'i akunsi kuwakonza, nsalu yatsopano, ndipo njanji, lamba ndi mabowo zonse zikhala za fakitale, pokayezetsa galimoto ku COF palibe wokufunsani. Ngati mtima uli pa ya NZE basi, jambulani kunsi kwa mipando yonse iwiri, wakale ndi watsopanoyo, tepi ili pomwepo kuti manambala azioneka, muponye pano tione ngati zitsulo zopingasa zingakwane musanalipire.