Kodi “stack up against” ndi kuunjika matumba?

Mlongo wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji, wandilembera pa imelo kuti bwana wake anamufunsa kuti, “How do our prices stack up against Chipata?” ndipo iye anangoti kakasi. Mlongo wanga, funso lanuli landikhudza pamtima.

Ine ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Chaka china, tikukonzekera kupititsa mabelo ku okushoni ya ku Chinkhoma, mlendo wina wodziwa za fodya anatola tsamba, kulinunkhiza, n’kufunsa mnyamata wolemba mabelo kuti, “How does this leaf stack up against last year’s?” Mnyamatayo, wa Fomu 4 wabwinobwino, anathamanga kukayamba kusanja mabelo, thukuta kamukamu. Anthu anaseka chikhakhali, bambo ake ataima pomwepo chipewa chili m’manja. Mpaka lero zimandiwawa.

Sanali mbuli mwana uja. Kusukulu anamuloweza kuti stack ndi kuunjika, up ndi m’mwamba, basi. Ndikunenetsa, kaphunzitsidwe kameneka kakupha ana athu. Mawu ngati give up, put off ndi look after amayenera kuphunziridwa athunthu. Look after si kuyang’ana m’mbuyo ayi, ndi kusamalira. Ndiye taganizani, popanda kukhoza Chingerezi MANEB sipereka satifiketi ya MSCE, ngakhale mwana atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Tikuwayesa pa chinthu chimene sitinawaphunzitse bwino. Makolonso tisamangoloza chala aphunzitsi. Mwana azimvera nkhani za Chingerezi pa wailesi, chifukwa mawu oterewa amalowa msanga ukamawamva m’kamwa mwa anthu.

Tsono yankho lanu

Stack up against ndi kuyerekeza chinthu ndi chinzake kuti muone ngati chikufikapo, chikuposa kapena chikuchepa. Bwana wanu amafuna kudziwa ngati mitengo yanu ili bwino poyerekeza ndi ya ku Chipata. Nthawi zambiri mawuwa amabwera m’funso loyamba ndi how. Mlimi wa mtedza angafunse kuti, “How does CG7 stack up against Chalimbana?” Ngati mitengo ili bwino, yankhani kuti, “They stack up well.” Ngati ayi, “They don’t stack up.” Awa ndi mawu apocheza, m’kalata ya kuofesi lembani compare with.