Kodi agogo anga anali m'gulu lomwe linapha Chilembwe?

Funso: A Mkonzi, ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni koma kwathu ndi ku Phalombe. Pa maliro a malume chaka chatha, azakhali anandinong'oneza kuti agogo awo a bambo anga anali msilikali wa pa boma la Mulanje, ndipo anali nawo pamene John Chilembwe anawomberedwa. Abale ena akukana kwamtuwagalu, akuti agogowo ndiwo anamuthawitsa Chilembwe. Mwana wa agogowo anabwera kuno pa Wenela, n'kutchona. Nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Ndiyambire pati? — Mdzukulu wa ku Rosettenville

Yankho: Mayi, nkhani ziwiri za kwanuzo zonse n'zakale, musathamangire kutaya ina. Chilembwe anayamba kuukira usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu ake anapha William Jervis Livingstone ku Magomero. Boma la atsamunda linalemba kuti asilikali olondera anamuwombera pa 3 Febuluwale m'dera la Mulanje, akulowera ku Mozambique, ndipo nthawi imeneyo Phalombe inali mbali ya Mulanje. Koma manda ake sanawaonetse kwa anthu. N'chifukwa chake ambiri a ku Mbombwe, komwe kunali mishoni ya Chilembwe ku Chiradzulu, anakhulupirira kwa zaka zambiri kuti anapulumuka. Mwina nkhani yothawitsa ija inamera pamenepo.

Tsono mukasaka m'mabuku a polisi mudzataya nthawi. Polisi ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1921. Kale konseko bwanamkubwa wa boma lililonse ankadzilembera yekha asilikali ake. Choncho ku National Archives ku Zomba mukafunse zolembedwa za boma la Mulanje ndi umboni woperekedwa ku komiti yofufuza za kuukirako mu 1915. Konzekerani kupeza mipata, poti moto wa mu 1919 unapsereza mapepala ambiri ku likulu la boma ku Zomba. Makalata omwe ankatumizidwa ku London anapulumuka, ali ku National Archives ya ku Britain, ku Kew mu London, pa nambala CO 525.

Za mtchona uja simufunika basi ya Munorurama ayi: zolembedwa zakale za Wenela, yomwe lero ndi TEBA, zimasungidwa ku University of Johannesburg, pafupi nanu pomwepo.

Koma ine chondipweteka ndi ichi. Azungu aja ankalemba msilikali wakuda ndi dzina limodzi lokha, nthawi zina lantchito, kalembedwe kake kolakwika. Mukapita ku Zomba ndi dzina la pa chitupa chanu chokha, agogowo mudzawadutsa osawazindikira. Azakhali anu ndiwo ali ndi kiyi, ndipo zaka zawo zikupita. Aimbireni Lamulungu lomwe lino, muwapemphe mwaulemu kuti muwajambule mawu. Muwafunse dzina laubwana la agogowo, dzina la kuchinamwali, mfunda wawo, mudzi ndi nyakwawa ya nthawiyo, komanso amene anawauza iwo nkhaniyi. Abale okana aja muwafunse padera, tsiku lina, azakhali asakumva.