Zilembo za pa laputopu zikundichepera, nditani?

Funso: Ndine mlembi wa pampingo pathu kuno ku Dedza, ndili ndi zaka 58. Mwana wanga ananditumizira laputopu kuchokera ku Johannesburg kuti ndizilembapo maminitsi, koma zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Nditazikuza mu Word kufika pa 20, maminitsi a masamba anayi anatuluka masamba khumi kopulintitsa, ndalama n'kundithera. Dzulo mdzukulu wanga wadinanso zinazake, ndiye chilichonse chakula moti ndikangosuntha mawusi sikirini yonse ikuyenda. Kodi yawonongeka?

Yankho: Bambo, mtima m'malo, laputopu yanu ili bwinobwino. Mdzukuluyo watsegula pulogalamu ya Magnifier, yokuza zinthu pa sikirini, yomwe imabwera ndi Windows. Imatseguka munthu akadina batani la Windows (lija la timabokosi tinayi, mzere wapansi kumanzere) pamodzi ndi +, ndipo imalumpha kuchoka pa 100% kufika pa 200%. Sikirini ikatero siyingakwane yonse, n'chifukwa chake ikutsatira mawusi. Gwirani batani la Windows lomwelo, dinani Esc, zonse zibwerera mwakale. Mwanayo musamukalipire, wakupezerani chida chabwino.

Koma chimene chandikhudza kwambiri ndi masamba khumi aja. Nambala ya 20 imene munasankha ndi kukula kwa zilembo papepala lenilenilo, ndiye makina opulintira anangomvera. Bwezerani pa 12. Kenako yang'anani pansi penipeni kumanja kwa Word: pali kamzere kokhala ndi - mbali ina, + mbali inayo, ndi 100% pambali pake. Kokerani kufika pa 150% kapena 180%. Apa mwangoyandikizitsa pepala kumaso, ngati mmene munthu amasendezera buku la nyimbo pafupi ndi nyali. Pepalalo silinasinthe, ndipo lidzatuluka masamba anayi omwe aja. Kamzereka kamafika mpaka 500%, ngakhale kuti simudzafunika kufika kumeneko.

Pa intaneti, kaya mu Chrome, Edge kapena Firefox, gwirani Ctrl n'kudina + kuti zikule, Ctrl ndi - kuti zichepe. Zikasokonekera, Ctrl ndi 0 imabwezera pa 100%. Imeneyi ilembeni pakapepala mumate pafupi ndi kiyibodi, chifukwa zala ziwiri zikangotsetsereka pa touchpad (kamalo kosalala kosunthirapo mawusi ndi chala) zinthu zimakula kapena kuchepa mwadzidzidzi.

Ine ndikanakhala nanu pafupi, ndikanayambira kwina. Lowani mu Settings, kenako System, kenako Display, mupeze pamene palembedwa Scale. Sankhani 125%, ndipo ngati 150% ilipo muyeserenso. Izi zimakuza zonse nthawi imodzi: mayina a mafayilo, tizithunzi ta mapulogalamu, ngakhale wotchi ya pakona. Azakhali anga amasunga kaundula wa banki mkhonde pa laputopu. Ankawerenga manambala atatsinzina diso limodzi, mphuno itatsala pang'ono kugunda sikirini, madzulo n'kumadandaula mutu. Nditawaikira 125% anakhala tsonga pampando, n'kuwerenga mzere wonse wa ngongole osalozanso ndi chala. Ngati mukufuna kuti zikule ndi zilembo zokha, pa Windows 11 pitani ku Accessibility, kenako Text size. Pa Windows 10 malowo amatchedwa Ease of Access. Pafupi ndi Scale muonanso Display resolution. Pamenepo siyani pa nambala yolembedwa Recommended, chifukwa mukaitsitsa zilembo zimakuladi koma zimaoneka mwachimbuuzi, maso n'kutopa msanga.

Magnifier ija muziigwiritsa ntchito pa tinthu tating'ono tosakuzika mwanjira ina, monga siginecha kapena chidindo pa kalata yojambulidwa. Ikatseguka, dinani Ctrl, Alt ndi L pamodzi. Idzasanduka kagalasi koyenda ndi mawusi, kokuza pamene mwalozapo pokha, kwina konse kuli chikhalire.

Pomaliza, bambo, mwatchula zaka 58. Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo ambiri amazindikira poona kuti akutalikitsa Baibulo powerenga. Ngati inunso mukutero, pitani kuchipatala akakuyezeni maso. Mukawauzenso kuti mumagwira ntchito pa laputopu, chifukwa sikirini imakhala patali pang'ono kusiyana ndi buku la m'manja, ndipo magalasi ake ayenera kugwirizana ndi mtunda umenewo.