Mafunso a kafukufuku wa m'makomo: Chichewa chake chizimveka kwa woyankha

Wowerenga wa ku Zomba walemba kuti: "Ndapatsidwa ntchito yoika m'Chichewa mafunso a kafukufuku woyenda khomo ndi khomo. Anthu amene timawalemba pamodzi ndiwatchule kuti banja, nyumba kapena khomo? Anzanga akuti banja ndiye Chichewa chenicheni."

Onse atatuwo ndi Chichewa chenicheni, koma palibe limene palokha ligwira ntchito imene mukufunayo. Banja limatambasuka. Mukafunsa mayi kuti m'banja mwawo alimo angati, awerenga ndi mwana amene ali ku Johannesburg chaka chachitatu, ndipo sanalakwe, poti mwanayo sanachoke m'banja. Komanso banja ndi ukwati. Timati uje ali pa banja, kapena banja la uje latha. Mayi wamasiye amene akulera adzukulu anayi angathe kukuyankhani kuti alibe banja, inu n'kusokonezeka. Nyumba nayo ndi makoma ndi denga basi. Kumudzi anyamata amagona kumphala kapena kugowelo, atsikana kukuka kwa agogo, koma nsima amadya ya mayi awo. Mukatsata denga, ana amenewa muwataya.

Ine ndingasankhe khomo, koma lisayende lokha. A National Statistical Office, nthambi ya boma yoona za ziwerengero, amene likulu lawo lili ku Zomba komweko, pa kalembera ndi pa kafukufuku wawo amaona zinthu ziwiri: kukhalira pamodzi ndi kudya za mumphika umodzi. Choncho funso lanu linene zimenezo poyera: "Munditchulire anthu onse amene amakhala pakhomo pano ndipo amadya zophikidwa mumphika umodzi." Musalembe kuti "amadyera limodzi", chifukwa m'makomo ambiri abambo amadya paokha, amayi ndi ana paokha, mphika uli umodzi womwewo. Akamaliza kutchula, wofunsa abwerezenso: kodi palibe khanda, wantchito, kapena gogo wodwala amene watsala? Makanda ndi amene amaiwalika kawirikawiri, makamaka amene sanapatsidwe dzina.

Pali pena pamene muyenera kudekha kwambiri, pa nkhani ya ubale. "Muli ndi ana angati?" ndi funso losalakwika m'galamala, koma kwathu kuno mwana wa mkulu wako kapena wa mng'ono wako ndi mwana wako. Nchifukwa chake tili ndi mayi aakulu ndi mayi aang'ono, bambo aakulu ndi bambo aang'ono. Ngati mukufuna chiwerengero cha ana obadwa kwa mayiyo, funsani kuti "ana amene munabereka inuyo". Mchimwene ndi mchemwali angathe kukhala wa bere limodzi, wa mayi ena, ngakhale mnzako wapamtima, kotero funso lotsatira likhale lakuti "mayi anu ndi amodzi?" Nayenso mutu wa banja amavuta kumadera a chikamwini, monga ku Zomba, Mulanje ndi Phalombe, kumene mwamuna amakhala kwa mkazi ndipo nkhani zikuluzikulu za ana zimadutsa kwa malume, mwinimbumba, amene mwina sakhala pakhomopo n'komwe. Funsani kuti "mwa anthu mwatchulawa, amene mumamutenga ngati mutu wa pakhomo pano ndani?" Ndipo kumene kuli mitala, gwirizanani kafukufuku asanayambe kuti bamboyo alembedwa khomo liti, kuopa kumuwerenga kawiri.

Wina wa ku Kasungu, amene wayendapo ndi mafunso otere, akudandaula: "Ndikafunsa kuti munadya kangati dzulo, ena amati sanadye, pomwe makoko a mbatata ndikuwaona pabwalo. Kodi amandinamiza?"

Sakunamizani ayi. Kwa anthu ambiri kudya ndi nsima. Amene wagonera mbatata, maungu kapena phala anena ndi mtima wonse kuti wagona ndi njala. Vuto lili m'funso, ndipo mankhwala ake ndi kutchula zinthuzo: "Dzulo, kuyambira m'mawa mpaka pogona, munadya kapena kumwa chiyani? Titchule ndi phala lomwe, mbatata, chimanga chokazinga, zipatso, thobwa." Funso latalika, inde, koma yankho lake ndi loona.

Mawu otere, amene amafupika m'khutu la woyankha, alipo ena. "Mumagwira ntchito?" amamveka ngati ntchito yolembedwa, ya malipiro pakutha pa mwezi. Mayi amene amalima, kugulitsa zitumbuwa ndi kupita kuganyu ayankha kuti amangokhala. Mukaona mafunso a Integrated Household Survey, kafukufuku wa moyo wa anthu m'makomo, amene achitika m'dziko muno kuyambira 1997/98 ndipo achisanu anali a 2019/20, ganyu amamufunsa payekha, ulimi wa pakhomo paokha, bizinesi payokha. Atengereni chitsanzo. Malungo nawo ndi otakata: munthu akaphwanya m'thupi kapena kutentha amati ndi malungo, asanayezedwe. Ngati mukufuna kudziwa za kutentha thupi, nenani kutentha thupi. Ngati mukufuna malungo otsimikizika, funsani ngati anatengedwa magazi pachala kapena pachidendene.

Za nthawi ndinene mwachidule. "Sabata yatha" ena amayamba kuiwerenga Lamulungu, ena Lolemba. Ngati lero ndi Lachitatu, nenani kuti "masiku 7 apitawa, kuyambira Lachitatu lapitali kufika dzulo". "Chaka chatha" kwa mlimi ndi nyengo ya dzinja yapitayo, osati Januwale mpaka Disembala. Agogo osadziwa chaka chobadwa athandizeni ndi zochitika zimene amazikumbukira: njala ya 1949, ufulu wa 1964, riferendamu ya 1993, njala ya 2002. Koma yambani mwapempha chiphaso cha unzika, kapena buku la kusikelo ngati ndi mwana.

Miyeso musaikakamize kukhala makilogalamu. Mlimi amadziwa matumba, ngolo, ndowa, madengu, mbale ndi milu. Mulekeni ayankhe m'miyeso yakeyo, inu mufunse kuti ndowa yake ndi yaikulu bwanji, thumba ndi la makilogalamu 50 kapena 90, ndiponso ngati chimangacho chinali chotonola kapena chosatonola. Kusintha kupita ku makilogalamu ndi ntchito ya ku ofesi. Wofunsa akamawerengetsera pamaso pa woyankha, zolakwika zimachuluka.

Mayi wina wa ku Mangochi akufunsa: "Mafunso a uchembere ndi imfa amandichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu. Ndingagwiritse ntchito mawu ozungulira?"

Ulemu musautaye, mayi. Aliyense amene mukucheza naye ndi "inu", ngakhale ali mtsikana wa zaka 15, ndipo munthu amamwalira, safa ngati nkhuku. Kunena kuti woyembekezera n'kwabwino ndipo kumamveka. Koma mawu ozungulira ali ndi malire. "Kodi ndinu wodwala?" kwa ena ndi mimba, kwa ena ndi matenda. "Munakhalapo malo amodzi ndi mwamuna?" ena aimva bwino, ena aganiza za kukhala nyumba imodzi. Pa funso limene chiwerengero chake chikatsogolere ntchito za chipatala, mawu akhale amodzi kwa aliyense, ndipo apa mawu ake ndi kugonana. Chimene chimachotsa manyazi si kuzungulira ayi, koma kukhala awiriwiri poduka mphepo, mayi kufunsidwa ndi mayi mnzake, ndi kupempha chilolezo poyamba: "Tsopano ndikufunsani zina zachinsinsi, mundikhululukire, ndipo zimene munene sizituluka."

Pa ana omwalira ndikupempha chifundo ndi kusamala komwe. Khanda limene linakhala maola ochepa, mayi ambiri salitchula pakati pa ana awo. Nchifukwa chake mafunso a Malawi Demographic and Health Survey, kafukufuku wa zaumoyo ndi uchembere, amene anayamba mu 1992, amabwereza kufunsa ngati panali mwana amene analira, kupuma kapena kugwedezeka, kenako n'kumwalira. Mwana ameneyo anabadwa wamoyo, ndipo nkhani yake ndi yosiyana ndi ya kupita padera. Tikasakaniza ziwirizi, chiwerengero cha imfa za makanda chimaoneka chochepa kuposa mmene zilili, ndipo thandizo limapita kwina.

Funso lomaliza lachokera ku Lilongwe: "Mafunso athu anamasuliridwa, wina anawabwezeranso m'Chingerezi, ndipo zonse zinagwirizana. Kodi pakufunikanso kukayesa kumudzi?"

Pakufunika, ndipo ndiye ntchito yeniyeniyo. Kubwezera m'Chingerezi kumangoonetsa kuti anthu awiri ophunzira amvana. Sikuonetsa chimene agogo a ku Nsanje kapena mnyamata wa kabaza ku Mchinji amve. Kawirikawiri Chichewa chimene chimabwerera bwino m'Chingerezi ndi chija chotsata Chingerezicho mawu ndi mawu, chimene pakhomo sichilankhulidwa.

Tengani mafunsowo mupite nawo kwa anthu ofanana ndi amene mudzawafunse, akumudzi ndi a m'tauni, achikulire ndi achinyamata, opita kusukulu ndi osapita, koma osati m'midzi imene yasankhidwa kale pa kafukufukuyo. Werengani funso mokweza monga lalembedwera. Akayankha, afunseni kuti anene m'mawu awoawo chimene mwawafunsa, ndiponso kuti nambala imene atchulayo aipeza bwanji. Mnzanu akhale pambali kulemba paliponse pamene woyankha wati "mwati bwanji?", pamene waseka, ndi pamene wofunsa wasiya zolembedwa n'kuyamba kufotokoza m'mawu ake. Malo amenewo ndi ofunika kukonza. Mukakonza, kayeseninso kwa anthu ena.

Muziyang'anitsitsa mafunso okana. "Simunapite kuchipatala?" munthu akati "eya", akuvomereza kuti sanapite, koma wofunsa wothamanga adina "inde" ngati kuti anapita. Pa tabuleti, monga zinagwiritsidwira ntchito pa kalembera wa 2018, yankho lolakwika lotere limatsegula mafunso ena osayenera n'kudumpha oyenera. Chotsaninso timawu tokankha munthu, monga "eti" ndi "si choncho", pakuti mlendo akafunsa kuti "mumagona m'neti, eti?" mwinikhomo waulemu samutsutsa. Funso limodzi lifunse chinthu chimodzi: "muli ndi wailesi kapena foni?" ndi mafunso awiri.

Kumadera kumene pakhomo amalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga, Chichewa chanu, ngakhale chikome bwanji, ndi chiyankhulo chachiwiri kwa ambiri. Mafunso a kumeneko amasuliridwe ndi eni chiyankhulocho, alembedwe, ndipo ayesedwe paokha. Mukasiyira wofunsa aliyense kumasulira za m'mutu ali pakhomo, anthu a mudzi umodzi ayankha mafunso osiyana, inu n'kuwaphatikiza ngati anayankha limodzi.