Phokoso la kudengalo ndi raccoon, koma musathamangire kutseka bowolo

Mayi wina amene wasamukira ku Toronto, mzinda wa ku Canada, chaka chino wandilembera imelo. Akuti m'mawa amapeza bini itagwetsedwa, makoko a mazira ndi mafupa a nkhuku zili mbwee pakhomo, ndipo chiyambire Epulo usiku kumamveka kukanda komanso kulira ngati kwa tiana ta mbalame m'siling'i. Funso lawo ndi lakuti: atseke bowo la padenga ndi waya, kapena atchere msampha?

Amayi, zonse ziwirizo yambani mwaimika kaye.

Kulira mukumvako ndi kwa ana a raccoon, nyama yakutchire yoyenda usiku, yokulirapo kuposa mphaka. Raccoon wamkazi amaswa pakati pa Malichi ndi Meyi, kawirikawiri ana atatu mpaka asanu, ndipo m'denga mwanumo wapeza pofunda komanso pouma. Mukatseka bowo iye ali kunja kosaka chakudya, adzabwera n'kukanganula denga, kung'amba matabwa ndi zikhadabo mpaka afike pa ana ake. Zala zake n'zochenjera ngati za nyani wa m'munda wa chimanga, amatsegula ngakhale loko wosalimba. Akalephera kulowa, anawo amafera momwemo, fungo n'kudzaza nyumba yonse. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa n'zopeweka.

Msampha nawo suthandiza. Lamulo la ku Ontario, chigawo chomwe kuli Toronto, limati nyama yakutchire yogwidwa isatayidwe kutali kuposa kilomita imodzi kuchoka pomwe yagwidwira. Ndiye mawa lake ili pakhomo panu pomwepo.

Uzani eni nyumba aitane akatswiri ochotsa nyama zakutchire. Iwo amakwera, n'kutulutsa anawo ndi manja, kuwaika m'bokosi lofunda pafupi ndi bowolo, kenako n'kuika kachitseko kotulukira kokha kosalola kubwerera. Make amabwera usiku n'kumawanyamula ndi kukamwa mmodzimmodzi kupita nawo kwina. Pamenepo m'pamene bowo litsekedwe ndi waya wolimba, chumuni nacho chivekedwe chotchingira.

Za bini n'zosavuta. Mu 2016 mzinda wa Toronto unayamba kugawa mabini obiriwira okhala ndi chogwirira chozungulitsa chifukwa cha nyama zomwezi. Chizungulitseni mpaka chitseke, muike biniyo m'galaja kapena muimangirire kuti isagwe, ndipo muziitulutsa m'mawa wa tsiku lotola zinyalala, osati madzulo. Chakudya cha galu kapena mphaka chisagone panja.

Pomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi pa ndowe zake. Raccoon amakonda kuchitira chimbudzi malo amodzi, monga pakona ya khonde kapena patsinde pa mtengo, ndipo ndowezo zimatha kukhala ndi mazira a njoka zam'mimba zomwe zikalowa m'thupi mwa mwana zimawononga ubongo ndi maso. Valani magolovesi ndi masiki, wolani ndi fosholo, muthirepo madzi owira. Ana asaseweretse dothi la pamenepo.

Mukaona raccoon akuyenda dzandidzandi, osaopa munthu, musamuyandikire. Atha kukhala ndi chiwewe, monga chinabuka ku Hamilton, mzinda woyandikana ndi Toronto, mu 2015. Imbani 311, nambala ya akuluakulu a mzinda wa Toronto, ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.